Kobili la siliva la ku Iran lolembedwa 1310: ndi la chaka chiti kwenikweni?

Wa ku Chibavi: Akuluakulu, ndithandizeni. Pali kobili lalikulu la siliva, mbali ina kuli mkango wogwira lupanga, dzuwa likutuluka kumsana kwake. Chaka chake akuti ndi 1310. Kodi ndi lakale choncho?

Mkulu wa ku Luwinga: Ayi achimwene, 1310 imeneyo si ya kalendala yathu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Mafumu a banja la Qajar ankawerenga zaka potsata mwezi. Zikatero chulukitsani chakacho ndi 0.97, muwonjezere 622, mupeza cha m'ma 1892, nthawi ya Naser al-Din Shah. Koma Reza Shah Pahlavi, yemwe anatenga ufumu mu 1925, ndalama zake zimatsata kalendala ya dzuwa: mumangowonjezera 621, ndiye 1310 ikhala 1931 kapena kumayambiriro kwa 1932. Nambala imodzi, zaka pafupifupi 40 kusiyana.

Chokuthandizani ndi dzina la mtengo wake. La nthawi ya Qajar la 5000 dinar, lomwe ndi makirani 5 (kirani inali ndalama ya ku Iran nthawiyo), limalemera pafupifupi magalamu 23, siliva wake magawo 900 pa 1000. Rial analowa m'malo mwa kirani mu 1932, ndipo 5 rial wa Reza Shah amalemera magalamu 25, siliva 828. Ikani pa sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.1 galamu, yankho lipezeka pompo. Powerenga manambala samalani, ziro wawo ndi kadontho chabe, 5 amaoneka ngati kamtima kozondoka.

Mayi wa ku Katoto: Ndiwonjezere za zachinyengo. Yandikizani maginito, likakakamira ndiye si siliva. Koma kusakakamira si umboni, mkuwa wokutidwa nawonso sukakamira, choncho sikelo ndi yofunikabe. Onaninso m'mphepete. Makobili ambiri ankawawotcherera kamphete kuti azivala m'khosi, ndipo chipsera chake chimagwetsa mtengo kwambiri.

Chonde musalikweche ndi phulusa kapena mankhwala otsukira mano ngati mphika. Kuda kwa kobili lakale ogula amakukonda, mikwingwirima ya kukwecha ndiye sichoka.

Wa ku Zolozolo: Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, kasungidwe ndi nkhani. Timapepala tapulasitiki tofewa ta PVC timasiya zobiriwira zomata pakobili. Gwiritsani makapisozi olimba (timabokosi tozungulira tolowa kobili limodzi), m'bokosi muikemo timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Kwa oyamba kumene, 1, 2, 5 ndi 10 rial a Mohammad Reza Shah, mwana wa Reza Shah, a m'ma 1940 sasowa kwenikweni, kungoti siliva wake ndi magawo 600 pa 1000 basi.