Ndithandizeni nzeru: masewero ambiri a South Bend Cubs kapena maulendo ochepa a ku Wrigley Field?

Moni nonse abambo ndi amayi a pa gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku America ndipo masewero a baseball mumawadziwa bwino, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo ndikulera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi zaka 11. Mnyamatayu anafika kuno zaka zitatu zapitazo akudziwa mpira wamiyendo wokha monga tonsefe, koma anzake a kusukulu anamukokera ku baseball, moti lero mtima wake wonse uli pa timu ya Chicago Cubs, imene bwalo lake ndi Wrigley Field.

Mu Okutobala 2025, usiku umene Cubs inagonja kwa Milwaukee Brewers pa masewero achisanu ndi kutuluka mu mpikisano wa kumapeto kwa sizoni wolimbirana chikho, mwanayu analira mpaka kukagona osadya. Ndinalephera kumutonthoza chifukwa sindinkamvetsa chimene chatayika. Chimene ndinatha kuchita ndi kumulonjeza kuti sizoni ya 2026 tidzaonera limodzi pabwalo penipeni, osati pa foni yake. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupatula pang'onopang'ono, ndipo tsopano ndili ndi madola 600. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo masiku amene ndimapuma ndi Lachiwiri lililonse komanso Lamlungu kawiri pa mwezi.

Apa ndi pamene mutu waima. Kuno ku South Bend kuli timu yaing'ono, South Bend Cubs, imene bwalo lake la Four Winds Field lili pafupi ndi kumene timakhala, ndipo ndalama yangayi ingatilowetse kumeneko nthawi zambiri. Koma mayina amene mwanayu amatchula kunyumba, makamaka Pete Crow-Armstrong ndi Nico Hoerner, ndi a osewera a ku Chicago, ndipo ndikuopa kuti ndikapita naye ku timu yaing'onoyi adzaona ngati malume ake amupusitsa. Kodi ndigawe bwanji ndalamayi? Funso langa lachiwiri, limene likundilemera kuposa loyambalo, ndi lakuti kodi Cubs ya 2026 ndi timu yoti mwana aikepo chiyembekezo? Iye wamva kuti Kyle Tucker, mmodzi wa osewera odalirika a timuyi, wachoka ndipo akuti zonse zatha. Ndikufuna ndimuyankhe zoona, osati zongomusangalatsa.

Bambo wa ku Mishawaka: Achimwene, poyamba ndikuthokozeni chifukwa chosunga lonjezo kwa mwana. Ine ndikuti gawo lalikulu la ndalamayo lipite ku Four Winds Field, ndipo mantha akuti mwana adzaona ngati mwamupusitsa muwachotse, chifukwa timu ziwirizi ndi banja limodzi. Cubs ya ku Chicago ili ndi matimu ang'onoang'ono anayi osulirako osewera ake, amene ali ngati makwerero. Kawirikawiri wachinyamata amayambira ku Myrtle Beach, akachita bwino amabwera kuno ku South Bend, kenaka amapita ku Knoxville, pambuyo pake ku Iowa, ndipo akachoka kumeneko ndiye kuti wafika ku Wrigley Field. Timu ya kuno inalowa m'banja la Cubs mu 2015. Kale inkatchedwa Silver Hawks. Crow-Armstrong amene mphwanuyo amamukonda anasewera pa bwalo lomweli mu 2022, chaka chimene South Bend inatenga chikho cha ligi yake, Midwest League, ndipo Hoerner anadutsa pano mu 2018. Cade Horton ndi Matt Shaw anali pano mu 2023. Muuzeni mwanayo zimenezi, ndipo muona kuti iye mwini ayamba kufunsa kuti mwa anyamata a chaka chino ndani adzakhale ku Chicago zaka ziwiri zikubwerazi.

Masiku anu opuma akugwirizananso ndi ndondomeko ya kuno. Sizoni imayamba kumayambiriro kwa Epulo ndi kutha mu Sepitembala, masewero onse ndi 132 ndipo theka lake amachitikira pakhomo. Kawirikawiri matimu awiri amakumana masiku asanu ndi limodzi otsatizana, kuyambira Lachiwiri mpaka Lamlungu, ndipo Lolemba amapuma. Choncho sabata iliyonse imene timu ili pakhomo, Lachiwiri lanu ndi Lamlungu lanu zonse zili ndi masewero. Bwalo ndi laling'ono, mumakhala pafupi ndi osewera moti mumamva mpira ukulira m'golovesi ya wowakha, ndipo pamenepo ndi pamene inuyo mungaphunzire malamulo mosavuta, mwana akukufotokozerani chimodzichimodzi.

Mayi a ku Chicago: Zimene anena bambo a ku Mishawaka ndi zoona, koma ine sindikuvomereza kuti Wrigley Field ikhale ya ndalama zotsala. Lonjezo linaperekedwa usiku umene mwana ankalirira timu ya ku Chicago, ndipo mwana wa zaka 11 saiwala mawu a wamkulu. Patulani kaye ndalama ya ulendo umodzi wa kuno, yotsalayo ndiyo mugulire matikiti a kwanuko. Bwaloli linamangidwa mu 1914, makoma ake akumbuyo ndi okutidwa ndi zomera zoyanga, bolodi lalikulu la zigoli amalisinthabe ndi manja, ndipo magetsi oseweretsa usiku anaikidwa mu 1988 mokha. Ana anga akula tsopano, koma tsiku lawo loyamba kulowa m'bwalo limeneli amalikambabe.

Mverani malangizo anga pa za nthawi. Musabwere mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi ngakhale mutaona matikiti atatsika mtengo. Mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imazizira kwambiri miyezi imeneyo, munthu umakhala pansi maola pafupifupi atatu, ndipo mphepoyo ikamaomba molowa m'bwalo imabweza mipira imene ikanakhala ma home run, ndiye kuti mipira yomenyedwa mpaka kudumpha khoma lakumbuyo. Bwerani pakati pa Juni ndi Ogasiti, sukulu zitatsekera. Mitengo ya matikiti imasintha malinga ndi tsiku komanso timu imene yabwera, ndipo masiku amene kwabwera St. Louis Cardinals kapena Chicago White Sox, amene ndi adani akale a Cubs, imakwera kwambiri. Galimoto muisiye kunyumba chifukwa malo oimikapo pafupi ndi bwalo ndi ochepa ndiponso okwera mtengo. Kwerani sitima ya South Shore Line pa bwalo la ndege la South Bend mpaka ku Millennium Station, muyende pang'ono kukakwera sitima ya Red Line yolowera kumpoto, ndipo mukatsike pa Addison, pamene bwalo mumaliona musanachoke pa siteshoni. Sankhani masewero a masana, amene nthawi zambiri amayamba 1:20, kuti mubwerere kunyumba nthawi yabwino, ndipo kumbukirani kuti wotchi ya Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kwanuko.

Mphunzitsi wa ku Elkhart: Ine ndiyankhe funso lachiwiri, chifukwa ndi limene mwaliika patsogolo pa mtima wanu. Mphwanuyo sakulakwa kudandaula za Tucker, amene anakhala ndi Cubs chaka chimodzi chokha ndipo tsopano wapita ku Los Angeles Dodgers, koma kunena kuti zonse zatha ndi kukokomeza. Mu 2025 timuyi inapambana masewero 92 ndi kugonja 70, inachotsa San Diego Padres m'ndime yoyamba ya mpikisano wa mu Okutobala, ndipo aka kanali koyamba kudutsa ndime iliyonse kuchokera mu 2017. Mphamvu imeneyo sinali pa munthu mmodzi. Michael Busch anamenya ma home run 34, Seiya Suzuki 32, ndipo Crow-Armstrong anamenya 31 ndi kuba ma base 35 (kuthamangira pa base yotsatira mpira usanamenyedwe). Mu Januwale 2026 timuyi inasainitsa Alex Bregman kwa zaka zisanu, munthu amene anatengapo World Series, chikho chachikulu cha baseball kuno, kawiri ali ku Houston Astros, ndipo inatenganso woponya mpira Edward Cabrera kuchokera ku Miami Marlins.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa, ndipo ndi bwino mwanayo azimve kwa inu msanga. Choyamba ndi Crow-Armstrong mwiniyo. Theka loyamba la sizoni ya 2025 anali pakati pa osewera opambana mu ligi yonse, koma kuyambira mu Ogasiti kamenyedwe kake kanatsika kwambiri, makamaka chifukwa amathamangira kumenya ngakhale mipira imene yapita kunja kwa malo oyenera kumenyerapo. Pogwira mipira pakati pa bwalo palibe womukayikira, koma pomenya tidikire tione ngati waphunzira kudekha. Chachiwiri ndi thanzi la oponya. Justin Steele anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Epulo 2025 ndipo munthu wochokera ku opaleshoni yotere sabwerera pa mphamvu zake tsiku limodzi, pamene Horton anachita bwino kwambiri m'chaka chake choyamba koma anavulala nthiti kumapeto ndipo sanaponye nawo mu Okutobala. Pamwamba pa izi pali Brewers, imene yatsogola m'gulu la NL Central, momwe mulinso Cubs, zaka zitatu zotsatizana, 2023, 2024 ndi 2025, ngakhale mphunzitsi wake Craig Counsell anachoka kumeneko kudzaphunzitsa Cubs kuyambira 2024. Maganizo anga ndi akuti Cubs ili ndi osewera okwanira kulimbirana malo oyamba, ndipo ndingadabwe itapanda kufika mu Okutobala, koma za chikho musamulonjeze.

Chinthu china chimene ife okulira pa mpira wamiyendo timachedwa kuchizolowera ndi kuchuluka kwa masewero. Ligi ya kwathu ku Malawi timu imasewera 30 pa sizoni, ndipo kugonja katatu motsatizana ndi nkhani yaikulu. Kuno timu imasewera 162, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, ndipo ngakhale timu yabwino imagonja nthawi zoposa 60. Izi zikutanthauza kuti tsiku limodzi limene mudzapite ku Wrigley Field, mpata woti Cubs igonje mwana akuona ndi waukulu ndithu. Mukambirane naye zimenezi musanakwere sitima.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse atatu. Usiku wathawu ndinamuuza mwanayu kuti Crow-Armstrong anaseweramo mu South Bend, ndipo poyamba sanakhulupirire mpaka atadzifufuzira yekha. Ndikuona kuti nditsata mawu a mayi a ku Chicago pa kupatula kaye ndalama ya ulendo umodzi wa mu Julayi, Lamlungu masana, ndipo yotsalayo ikhale ya kuno. Aphunzitsi, zimene mwanena za kugonja nthawi zoposa 60 zanditsegula maso, chifukwa ine ndikanamulonjeza chipambano pa tsikulo popanda kuganiza. Chatsala ndi ichi: kodi ndigule matikiti a kuno onse pakamodzi sizoni isanayambe, kapena ndizigula sabata ndi sabata? Ndiponso masiku amene sitili pabwalo, njira yosaboola m'thumba yotsatira Cubs ya ku Chicago ndi iti?

Bambo wa ku Mishawaka: Achimwene, poti ntchito yanu ndi ya mashifiti ndipo tsiku lopuma likhoza kusinthidwa, musamange ndalama yonse pa masiku oikika. Pitani ku ofesi ya matikiti pabwalopo mukafunse za matikiti ogula ambiri pakamodzi koma osankha tsiku pambuyo pake, ndipo mufunsenso chimene amachita masewero akalephereka chifukwa cha mvula, pakuti baseball saseweredwa mvula ikamagwa kwambiri. Ine ndingayambe ndi masewero awiri kapena atatu a mu Meyi kuti muone mmene mwana akuwalandirira. Mumuchenjezenso kuti asadzakhumudwe wosewera amene wamukonda akadzasowa mwadzidzidzi pakati pa sizoni, chifukwa kuno wochita bwino sakhalitsa, amakwezedwa kupita ku Knoxville. Golovesi yake azipita nayo, popeza mpira ukagwera kwa oonerera umakhala wa amene wautola.

Mphunzitsi wa ku Elkhart: Pa za kutsatira muli kunyumba, samalani musanalipire chilichonse pa intaneti. Masewero ambiri a Cubs amaonetsedwa pa kanema wa Marquee Sports Network, ndipo MLB.TV, njira yolipira yoonera baseball pa intaneti, imatseka masewero a timu kwa anthu okhala m'dera la timuyo pa nthawi imene akuseweredwa, pamene kumpoto kwa Indiana kuno amatiwerengera m'dera la matimu a ku Chicago. Lembani nambala ya dera lanu pa tsamba lawo kuti muone matimu amene ndi otsekedwa kwa inu. Njira yaulere ndi wailesi ya 670 AM, pamene amaulutsa ndi Pat Hughes, amene wakhala akuulutsa masewero a Cubs pa wailesi kuyambira 1996, ndipo amafotokoza modekha moti munthu wongoyamba kumene amatsatira bwino.

Pali lamulo latsopano la 2026 limene ndikufuna mulidziwe musanafike ku Wrigley Field, kuti musadzadabwe mukaona wosewera akudzigwira pamutu. Woyimbira akagamula kuti mpira woponyedwa ndi strike (wadutsa poyenera kumenyedwa) kapena ball (wadutsa kunja kwa malowo), woponya, wowakha kapena womenya akhoza kutsutsa nthawi yomweyo pogwira chipewa chake, ndipo makina amaonetsa pa bolodi pamene mpirawo unadutsa. Timu iliyonse imayamba ndi mwayi wotsutsa kawiri, ndipo ikakhala kuti yalondola mwayiwo suchotsedwa. Mphunzitsi wa timu ndi osewera ena saloledwa kutsutsa kapena kuthandiza wotsutsayo. Mufunseni mphwanuyo ngati walimva kale lamuloli. Ngati sanalimve, Lachiwiri likubwerali mukhale naye pansi mumufotokozere ndinu.