Ndikufuna satifiketi ya scuba, ndiyambire pati ndili kuchigwa cha Shire?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Nchalo ndipo ndikufuna kuphunzira kubira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, zija amati scuba, mpaka nditenge satifiketi. Kusambira ndimatha, koma kwa kumudzi. Maphunzirowa amachitikira kuti, amatenga masiku angati, amafuna chiyani? Pepalalo lingandipezetse ntchito yokonza mapampu a mumtsinje m'minda ya nzimbe? Nanga ndingayambe kuyeserera mu Shire?

Wa ku Bangula:
Mu Shire musayerekeze achimwene. Ng'ona, mvuu, madzi othamanga, komanso matope oti simungaone dzanja lanu lomwe. Maphunziro enieni ali ku nyanja, makamaka ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Kwa inu kufupi ndi ku Cape Maclear.

Mlangizi wa scuba:
Chimene mukufuna chimatchedwa Open Water Diver. Mukafika pa shopu mutchule dzina limeneli, chifukwa pali china cha tsiku limodzi, Discover Scuba Diving, chongolawitsa alendo, ndipo chilibe satifiketi. Mabungwe odziwika opereka mapepalawa ndi PADI ndi SSI. Ndifotokoza za PADI.

Zimatenga masiku 3 kapena 4. Poyamba mumawerenga mitu 5 ya m'buku n'kulemba mayeso. Kenako pali magawo 5 a m'madzi osaya, odekha, momwe mumaphunzira kuchotsa madzi m'magalasi muli pansi, kupeza regulator (chopumira cholumikizidwa ku silinda) ikachoka pakamwa, kupuma pa mpweya wa mnzanu, ndi kuyandama pakati pa madzi pogwiritsa ntchito jekete yopopera mpweya yotchedwa BCD. Mapeto ake mumabira ka 4 panyanja penipeni: maulendo awiri oyamba osapitirira mamita 12, awiri enawo mpaka mamita 18. Mamita 18 amenewo ndiwo malire a satifiketi yanu, ndipo nthawi zonse mumalowa awiriawiri.

Kusambira kwa kumudzi kulibe vuto, sayang'ana sitayilo kapena liwiro. Amafuna musambire mamita 200 osaima, kenako muyandame mphindi 10 pamadzi akuya osagwira kanthu. Ambiri amavutika pa kuyandamapo, chifukwa amapalasa mwamphamvu n'kutopa. Gonani chagada, muzipuma modekha.

Namwino wa ku Ngabu:
Musanalipire ndalama iliyonse, pemphani fomu ya zaumoyo muiwerenge muli kwanu. Imafunsa za mphumu, khunyu, matenda a mtima, BP, shuga, makutu ndi mapapo. Ngati munadwalapo TB, kaonaneni kaye ndi dokotala, chifukwa zipsera za m'mapapo zimatha kutsekera mpweya pokwera. Mayi woyembekezera salowa. Chonde osabisa matenda pa fomuyo pofuna kupulumutsa ndalama ya thiransipoti. Ndipo ngati thupi likutentha, kayezetseni malungo, za madzi zidikire.

Mlangizi wa scuba:
Amayi anena zoona, ndipo ndifotokoze chifukwa chake, poti apa m'pamene anthu amavulalira. Mukatsika mamita 10, kukanikiza kumene kuli pa thupi lanu kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba. Ndiye mpweya umene mwapuma pa mamita 10, mukaugwira m'chifuwa n'kukwera nawo, umafufuma kawiri ndipo ungang'ambe mapapo. Ngakhale m'madzi osaya zimachitika. Lamulo loyamba: kupuma mosalekeza, osagwira mpweya.

Makutu nawo amamva msanga. Mukangoyamba kutsika, tsinani mphuno n'kupemerera pang'ono, mita iliyonse, ululu usanayambe. Khutu likakana, kwerani pang'ono muyesenso. Mukakakamiza mungaboole nembanemba ya m'khutu. Ndi chimfine salowa, chifukwa tinjira ta mpweya timakhala totsekeka.

China ndi nayitrojeni amene amalowa m'magazi muli pansi. Mukakwera mothamanga amatuluka ngati thovu la m'botolo la chakumwa lotsegulidwa mwadzidzidzi, n'kukatsekera m'mfundo, mumsana kapena muubongo. N'chifukwa chake pokwera sitipitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo pang'onopang'ono kuposa apo ndiye bwino. Pa mamita 5 timaima mphindi 3. Silinda yodzaza imawerenga 200 bar (bar ndi muyeso wa kukanikiza kwa mpweya), ndipo muzituluka mwatsala ndi 50 bar.

Wa ku Chikwawa boma:
Pali chinthu chokhudza ife a kuchigwa chimene sichinatchulidwe. Nyanja ya Malawi ili pamwamba, mamita opitirira 450 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo malamulo a scuba amati kupitirira mamita 300 mawerengedwe a nthawi yokhala pansi pa madzi amasintha. Funsani mlangizi ngati kompyuta ya padzanja yowerengera kuya ndi nthawi yasinthidwa moyenera. Komanso pobwerera simutsika kaye, mumayamba mwakwera: Mangochi, Liwonde, Zomba, mpaka Blantyre amene ali pa mamita opitirira 1,000, ndiye n'kudzatsetsereka ku Thabwa. Woti akwere ndege amauzidwa kudikira maola 12 akabira kamodzi, maola 18 akabira kangapo. Ine ndingakulangizeni chimodzimodzi pa msewu umenewu. Mukamaliza, gonani komweko, minibasi mukwere mawa lake.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Nanga za ntchito ya mapampu zija bwanji?

Mlangizi wa scuba:
Pamenepo ayi, achimwene. Open Water ndi pepala losangalalira, si la ntchito. Kugwira ntchito pansi pa madzi kuli ndi maphunziro akeake otchedwa commercial diving, okhala ndi chingwe, wokuyang'anirani pamtunda, ndi wina wovala kale wodikirira kukupulumutsani. Pakamwa pa paipi yokoka madzi m'poopsa zedi: pampu ikayaka, kapena madzi akasiyana msinkhu mbali ziwiri za geti, amakukokerani pa sefa ndipo anthu sangathe kukuzulanipo. Wina akadzakupemphani ganyu yotere chifukwa muli ndi kakhadi, mudzakane. Ngati mukufuna ntchito ya alendo kunyanja, njira yake ndi Advanced, kenako Rescue Diver, kenako Divemaster.

Wa ku Bangula:
Posankha shopu, pemphani kuona khadi ya mlangizi ngati ili ya chaka chino. Funsani ngati ali ndi okosijeni wa pangozi, ndipo munthu akavulala amathamangira naye kuti. Yang'anani deti loyezera pakhosi pa silinda. Tsegulani mpweya pang'ono mununkhize: ukamveka mafuta kapena utsi, ikaneni, ndiye kuti makina opopera anakoka utsi wa injini. Pa mtengo, afunseni ngati muli buku, zida, boti, kulembetsa satifiketi, ndi ndalama yolowera ku Lake Malawi National Park. Miyezi ya mwera, June mpaka August, nyanja imawinduka. September mpaka November madzi amakhala oyera, nsomba za mbuna mumaziona bwinobwino m'miyala.

Namwino wa ku Ngabu:
Ndiwonjezere za likodzo, poti m'mbali mwa nyanja kumeneko lilipo. Mukabwerako dikirani miyezi iwiri, kenako kayezetseni kuchipatala ngakhale simukuona magazi m'mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amapereka potengera sikelo yanu, ndiye osangogula n'kumwa mongoyerekeza.