Akumba zoyesa m'dimba mwathu: lamulo likuti chiyani?

Abale anga a kuno ku Tete, ndithandizeni nzeru. Kumudzi kwathu ku Angónia kwabwera anthu a kampani ina ndi galimoto zawo, akhoma zikhomo zofiira m'madimba a mbatatesi m'mbali mwa mtsinje, mpaka pafupi ndi chitsime chimene amayi amatungapo madzi. Akuti akufufuza mafuta a pansi pa nthaka. Anfumu anangouzidwa pakamwa, pepala silinaoneke.

Ndikudziwa kuti Lei de Terras ya 1997, lamulo la nthaka la dziko la Mozambique, imati nthaka ndi ya boma, koma amene walima malo motsatira mwambo ali ndi DUAT, kutanthauza ufulu wogwiritsa ntchito malowo ndi kupindula nawo, ngakhale alibe chikalata. Palinso Decreto 54/2015 yonena za kuunika momwe ntchito ingawonongere chilengedwe, ndi msonkhano wofunsa anthu a m'deralo. Nanga msonkhanowo uyenera kuchitika asanayambe kufufuza, kapena akangopeza mafutawo? Chilolezo chawo tingakachione ku INP, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi gasi, kapena ku boma ku Ulongué?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Pobowola pamatuluka matope osakanizika ndi mankhwala, ndipo akawataya poyera, mvula ya mu Januwale idzawakokolera m'dambo momwe ng'ombe zimamwera. Amayeza madziwo ndani, ndipo akaipa timakadandaula kuti?

Inu a ku Moatize amene munaona kusamutsidwa kwa anthu kupita ku Cateme chifukwa cha malasha, komanso aliyense wodziwa za gasi wa ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane, chipukuta misozi cha dimba ndi mitengo ya mapichesi chimawerengedwa bwanji? Tisasayine chiyani?