Tigule laisensi ya Stat/Transfer pa deta ya kalondolondo wa matenda?

Chisomo: Akuluakulu, pabwera ganizo loti tigule laisensi ya Stat/Transfer, pulogalamu yosintha mafayilo a deta kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, kuti mndandanda wa odwala kolera ochokera kumbali ya Nyanja ya Chilwa uziyenda bwino pakati pa mapulogalamu osanthulira deta a Excel, SPSS, Stata ndi R. Imalipidwa ndi madola, ndipo forex mukuidziwa mmene ilili. Tigule?

A Mwale: Ntchito yake imaigwira bwino, fayilo ya SPSS (.sav) kupita ku ya Stata (.dta) ma value label (mawu ofotokoza tanthauzo la nambala za mayankho) osatayika. Koma imangosintha chotengera, zamkati siikhudza. Wina akalemba 03/04/2023, pulogalamuyo singadziwe ngati ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi. Kompyuta yomwe idasiyidwa pa makonzedwe a ku America imawerenga mwezi poyamba, ndiye masiku oyambira 1 mpaka 12 amatembenuka mwakachetechete, pomwe 13 kupita mtsogolo Excel imawasunga ngati mawu wamba. Epi curve, galafu ya chiwerengero cha odwala malinga ndi nthawi, imatuluka yokhota, inu osadziwa chifukwa.

Mayi Nambewe: Zoona a Mwale. Onjezaninso nkhani ya masabata. Sabata ya ISO (muyezo wa padziko lonse) imayamba Lolemba, ya MMWR (ya bungwe la CDC la ku America) imayamba Lamlungu. Odwala a Lamlungu amagwera sabata ina, manambala osagwirizana ndi a mu DHIS2, nkhokwe ya deta ya zaumoyo, yomwe imafuna nyengo ilembedwe ngati 2023W14.

Chisomo: Komatu mafayilo akale a pulogalamu ya Epi Info 6, aja a .rec, alipo ambiri. Ndani awatsegule?

A Mwale: Phukusi la foreign mu R lili ndi read.epiinfo, ndi laulere. La haven limawerenga ndi kulemba .sav ndi .dta.

Yamikani: Ine ndikutsutsako pang'ono, bambo. Si ofesi iliyonse ili ndi munthu wodziwa R. Kwa kalaliki wa deta, kudina kawiri n'kosavuta kuposa kulemba code. Ngati mafayilo ndi ochuluka mwezi uliwonse, laisensi imodzi siyoipa.

Mayi Nambewe: Imodzi mwina, achimwene, koma tiyambe tagwirizana data dictionary, ndondomeko ya kalembedwe ka danga lililonse. Tsiku lizilembedwa chaka-mwezi-tsiku basi, ngati 2023-04-03. Chipatala chizidziwika ndi nambala yake ya mu Master Health Facility Registry (kaundula wa zipatala) kapena UID (chizindikiro chapadera) ya DHIS2 ya zilembo 11, osati dzina. "Matawale HC" ndi "Matawale H/C" kompyuta imaziona ngati zipatala ziwiri. Zaka za khanda zikhale ndi danga lakelake la miyezi, apo ayi mwana wa miyezi 8 asanduka wa zaka 8. Pomwe yankho palibe tisiye popanda kanthu, chifukwa 99 ikalowa mu R imawerengedwa ngati zaka za gogo. Fayilo ya CSV isungidwe mu UTF-8, kasungidwe ka zilembo kovomereza zilembo zapadera, kuopa ŵ wa "Malaŵi" angasanduke zizindikiro zachilendo.

Yamikani: Ndipo potulutsa deta ku Kobo, pulogalamu yotolerera deta, tisankhe XML values (mayina achidule a mu fomu), osati labels (mawu a funso), kuti mayina a madanga asamasinthe wina akakonza funso.

Chisomo: Chabwino. Zogula tiziimitse kaye. Mayi Nambewe, tumizani dictionary ija Lachisanu, tiiyese pa fomu ya kolera, tione mafayilo angati atsale osatseguka.