Kodi kuwala kwa infrared kumazindikiritsa bwanji mtundu wa mwala?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ophunzira anga akudziwa kale kuti infrared ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kumene William Herschel anakutulukira mu 1800 ataika choyezera kutentha kupitirira pamene pathera mtundu wofiira wa kuwala kodutsa m'galasi la prizimu. Ndikupempha mundithandize kufotokoza mmene kuwalaku kumasonyezera mtundu wa mwala, komanso ngati kungathe kuonetsa malasha amene ali pansi cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi.

Wophunzira za miyala, Chikwawa:
Aphunzitsi, maatomu omangana m'kati mwa mwala sakhala duu, amanjenjemera, ndipo kumangana kwa mtundu uliwonse kuli ndi liwiro lakelake. Kuwala kukagwa pamwala, mafunde ogwirizana ndi liwirolo amamwedwa, otsalawo n'kubwerera. Chipangizo cha spectrometer chimayeza obwererawo n'kujambula mzere umene umatsika paliponse pamene kuwala kwamwedwa. Kutalika kwa mafundewa kumayezedwa m'mananomita (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), ndipo madzi amatsitsa mzerewo pafupi ndi mananomita 1400 ndi 1900, dongo lokhala ndi aluminiyamu pafupi ndi 2200, calcite wa m'miyala ya laimu pafupi ndi 2340, pamene dolomite, wofanana kwambiri ndi calcite, ali pafupi ndi 2320, choncho miyala iwiri yovuta kuisiyanitsa ndi maso imasiyanitsidwa ndi mananomita 20 okha.

Chitsanzo chimene ana angachimve msanga chili m'minda yawo momwe. Dothi la makande lili ndi dongo la montmorillonite, limene limasunga madzi pakati pa timagawo take, n'chifukwa chake limafufuma m'dzinja n'kung'ambika ming'alu ikuluikulu m'chilimwe. Madzi amenewo amatsitsa kwambiri mzere pa 1900, pamene dongo la kaolinite, losafufuma, limadziwika ndi kutsika kuwiri koyandikana pafupi ndi 2160 ndi 2200.

Mayi wa ku Bangula:
Achimwene afotokoza bwino, koma pa za malasha yankho ndi lakuti ayi, ndipo ndikufuna ana alimvetse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti zipangizozi zimaona chuma cha pansi pa nthaka. Kuwalaku kumangowerenga pamwamba penipeni pa mwala, osalowa m'kati. Ngakhale malasha atakhala poyera, kuda kwake kumamwa pafupifupi mafunde onse, mzere n'kukhala wopanda zizindikiro zomveka. Zimene chipangizo ngati ASTER, chimene chinakwezedwa pa setilaiti ya Terra mu 1999, chingathandize ndi kusonyeza pamene miyala ya Karoo, imene inapangidwa kalekale kuchokera ku mchenga ndi matope, yaonekera kunja, chifukwa ndi m'miyala imeneyo mmene malasha athu amapezeka, koma kutsimikiza kumafuna kuboola pansi.

Kuno kuchigwa vuto lina ndi lakuti matope a madzi osefukira a Shire, mzimbe za ku Nchalo ndi mitengo zimaphimba miyala, kotero zithunzi zothandiza ndi za September ndi October, udzu utauma, makamaka m'mapiri ndi m'makwawa ouma.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri amayi ndi achimwene. Nanga mchenga wa mumtsinje wa Mwanza ungaoneke bwanji?

Wophunzira za miyala, Chikwawa:
Quartz, amene amachuluka mumchenga, sasonyeza kanthu pa mafunde ndatchulawa, amafuna mafunde aatali a kutentha, a pakati pa mamaikoromita 8 ndi 12 (mananomita 8,000 ndi 12,000). Ngati mudzatumiza miyala kukayezetsa, muiswe kuti mkati muonekere ndipo iume bwino, chifukwa chinyezi ndi fumbi zimabisa zizindikiro za mwalawo.