Funso: Kodi kukwera Sapitwa n'kokwanira kutikonzekeretsa ku Rwenzori?

Akuluakulu ndi abale onse a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha uphungu, makamaka kwa inu amene munakwerapo mapiri ataliatali a kum'mawa kwa Africa. Ine ndi anzanga tikukonza ulendo wa ku mapiri a Rwenzori, amene ali m'malire a Uganda ndi Democratic Republic of Congo, ndipo cholinga chathu n'kukafika pa nsonga ya Margherita pa phiri la Stanley, yomwe ndi yotalika mamita 5,109. Mu Africa muno amaiposa ndi Kilimanjaro ndi phiri la Kenya basi. Tasankha kumeneko chifukwa kulibe piringupiringu wa anthu ngati ku Kilimanjaro, ndipo munthu amadutsa m'nkhalango, m'madambo ndi pa matanthwe kwa masiku ambiri asanaponde madzi oundana.

Tonsefe Mulanje tinamuzolowera, ndipo Sapitwa timakwera kuchokera ku Chisepo popanda vuto lalikulu. Koma Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo oti munthu akayeserepo thupi lake. Njira imene tikuilingalira ndi ya Central Circuit, yoyambira ku Nyakalengija kufupi ndi tauni ya Kasese, yomwe imadutsa malo ogona a Nyabitaba, John Matte ndi Bujuku n'kukafika ku Elena, komwe munthu amagona pa mamita pafupifupi 4,500 usiku woti m'mawa mwake akwera ku nsonga. Zikutanthauza kuti tsiku lachiwiri lokha tidzakhala tikugona pamalo okwera kuposa Sapitwa. Funso langa lalikulu ndi ili: kodi tiwonjezere ndalama kuti ulendowu ukhale wa masiku ambiri, kapena masiku 7 amene okonza maulendowa akutiuza ndi okwanira kwa anthu olimba miyendo? Ndikufunanso kudziwa ngati mwezi wa Julayi uli bwino kuposa Januwale, komanso ngati munthu amene sanayendepo pa madzi oundana angaphunzire ali komweko.

Yankho la membala wogwira ntchito zachipatala

Achimwene, kulimba miyendo ndi kuzolowera mpweya wochepa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zambiri anthu amphamvu ndi amene amadwala chifukwa amakwera mothamanga thupi lisanazolowere. Malangizo amene madokotala amapereka ndi akuti mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi pakhale tsiku lopuma. Mukayang'ana njira mwatchulayo muona kuti masiku ena imadutsa muyeso umenewu, choncho tsiku lowonjezera ku Bujuku, komwe kuli pafupifupi mamita 4,000, lili ndi phindu kuposa jekete lodula limene mungagule. Mutu, nseru ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zoti musakwerenso tsikulo. Koma wina akayamba kudzandira ngati woledzera, kusokonezeka maganizo, kapena kubanika ndi kutsokomola atangokhala pansi, ndiye kuti ubongo wayamba kutupa kapena madzi alowa m'mapapo, ndipo ayenera kutsika nthawi yomweyo ngakhale uli usiku.

Mankhwala a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Diamox, amathandiza, koma kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Pemphaninso kuti akuyezeni magazi ngati muli ndi chibadwa cha sickle cell, pakuti ambiri kuno ali nacho osadziwa, ndipo pamalo okwera chotere kapamba amatha kuvulala. Ku Kasese kuli malungo, ndipo kutentha thupi kumene kungayambe muli kale pamwamba musakutenge ngati vuto la mpweya chabe.

Yankho la membala amene anapitako

Ine ndikuwonjezera za matope, chifukwa ndi amene amafooketsa anthu asanafike n'komwe pa madzi oundana. Dambo la Bigo, pakati pa John Matte ndi Bujuku, lili ndi matabwa oyendapo m'malo ena, koma kwina munthu amalumpha kuchoka pa chitsa cha udzu kupita pa chinzake, ndipo akaphonya amatitimira mpaka m'mawondo. Tengani majombo a mphira okukwanani bwino, ndipo muyambe kuyenda nawo kunyumba kuti asakakutulutseni matuza. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ndi Disembala mpaka Febuluwale ndi imene mvula imachepa, koma ku Rwenzori kuchepa kwa mvula sikutanthauza kuti simunyowa, ndiye Julayi kapena Januwale kusiyana kwake si kwakukulu.

Za madzi oundana, olondolera njira ndi onyamula katundu, omwe ambiri ndi a mtundu wa Bakonzo, amakuphunzitsani kumanga chingwe ndi kuvala zitsulo zamano za kunsi kwa nsapato zimene amazitcha crampons. Komabe madziwo akhala akusungunuka kuchokera nthawi imene Duke of Abruzzi, wokwera mapiri wa ku Italy, anafika pa nsongayi mu 1906, moti malo amene kale anali osalala tsopano ndi otsetsereka kwambiri, ndipo pamafunika manja olimba okoka chingwe. Pa Mulanje mungathe kuyeserera kukwawa pa matanthwe mutanyamula chikwama cholemera. Musaiwale khadi la katemera wa yellow fever, lomwe angakufunseni polowa mu Uganda, ndipo werengani bwino inshuwalansi yanu chifukwa zambiri sizilipira ngozi yochitikira pamalo okwera kwambiri. Popeza derali lili m'malire, funsaninso a Uganda Wildlife Authority, bungwe la boma loyang'anira malo osungirako zachilengedwe, za chitetezo nthawi ya ulendo ikayandikira.

Wofunsa

Zikomo kwambiri akuluakulu. Tagwirizana kuti tiwonjezera tsiku ku Bujuku ndipo tonse tikayezetsa magazi tisanapereke ndalama ina iliyonse. Chimene chatsala n'chakuti, mmodzi wa ife akadwala ku Elena, kodi olondolera njira amakhala okwanira kuti wina atsike naye pamene enafe tikupitirira, kapena tiyenera kulipiriratu wolondolera wachiwiri?