Kuthena tiana tambuzi, liti komanso ndizidzawadyetsa chani?

Mlimi_waku_Mitundu:
Moni nonse. Ndili ndi tiatonde tiwiri tabadwa mwezi wathawu, atate ake ndi tonde wa aneba wamtundu wa Boer ndiye tikukula mwachangu. Sindikufuna tidzayambe kukwera amayi awo kapena alongo awo, ndikufuna ndidzagulitse nthawi ya Khrisimasi. Achimwene anga akuti timange ndi labala panopa, ena akuti dikira. Ndiye ndipange bwanji? Komanso madeya ndili nawo ambiri, ndizingopatsa tsiku ndi tsiku kuti zinenepe?

Chigayo77:
Bambo labala ija imakhala bwino kamwana kali ndi sabata imodzi kapena ziwiri, pa mwezi ndikuposa imapweteka kwambiri ndipo chilonda chake chimachedwa kuuma. Ine ndimaitana alangizi a ziweto abwere ndi Burdizzo, chija chopanira, akafika miyezi iwiri kapena itatu. Palibe magazi, palibe bala, amangopana mtsempha uliwonse paokha mbali iyi kenako mbali inayo, osadutsa pakati pachikopa. Masiku awiri atatu machende amatupa ndipo imayenda motang'aza, musadabwe, kenako amafota pang'onopang'ono. Koma musachedwe, katonde ka miyezi inayi kamatha kupereka bere.

MayiAweta_Dedza:
Nkhani ya madeya ija ndi imene yandidzutsa. Mfule sifanana ndi tonde, njira yake yamkodzo imakhala yopapatiza makamaka ikathenedwa ili khanda, ndiye madeya ali ndi michere ya phosphorus yambiri koma ya calcium yochepa, mukamangothira madeya okhaokha timiyala timapangika mchikhodzodzo nkukatseka njira ija. Mumaiona ikutukula mchira, ikudzikakamiza ngati ikufuna kuchita chimbudzi, ikulira, mkodzo ukungodontha kapena osatuluka nkomwe, ubweya wapansi pamimba uli ndi timchenga toyera. Anthu amati yadzimbidwa nkuimwetsa mafuta ophikira, pamene chikhodzodzo chikudzadza, tsiku limodzi kapena awiri chaphulika basi mbuzi yapita. Mukaona zimenezo thamangirani kwa a vetenale tsiku lomwelo, nthawi zambiri amadula kansonga kakumapeto kwa njira yamkodzo pomwe mwala umakonda kukakamira.

Madeya apatseni koma pang'ono, kadzanja basi, chakudya chenicheni chikhale msipu ndi masamba, lukina, gliricidia, masamba a nandolo, masangwi a mtedza mukakolola musawotche, zimenezi calcium alimo. Lukina naye osachulutsa, muzisakaniza ndi udzu. Ndipo madzi! Ife kuno dzinja timamangirira mbuzi tsiku lonse poopa minda ya anthu nkumaganiza kuti udzu wauwisi ukukwanira, ayi, iikireni beseni ndi kamchere konyambita kuti izimva ludzu nkumamwa.

Mlimi_waku_Mitundu:
Zikomo amayi, za timiyalazi ndimangomva kwa anthu osati mbuzi kkkk. Nanga mpeni? Kwathu kuno kuli madala ena amathena ndi lezala, salipiritsa zambiri.

Chigayo77:
Mpeni umagwira ndithu agogo athu ankatero, koma vuto ndi bala. Nthawi yamvula ntchentche zimaikira mazira mphutsi nkulowa, ndiye ngati ndi mpeniwo pangani nthawi yozizira, June kapena July, lezala yatsopano, ayodini pabala kapena spray yapepo ija, phulusa ndi dothi ayi. Kafumbata ndi woopsa pa mpeni ndi labala yomwe, amaonekera pakatha sabata kapena ziwiri, mbuzi imauma miyendo ndi nsagwada, ikafika pamenepo kuchira nkovuta. Funsani alangizi ngati ali ndi jakisoni wake asanagwire ntchito. Khola likhale louma, lija lokwera mmwamba ndi labwino chifukwa sizigona pandowe.

MayiAweta_Dedza:
Ndipo musathene kamene kakudwala kapena kutsegula mmimba, yambani mwakamwetsa mankhwala a njoka zammimba kalimbe kaye. Kamodzi kooneka bwinoko bwanji osakasiya nkudzasinthana ndi munthu wamudzi wina? Magazi a Boer amenewo ena akuwafuna.